Nyimbo zizidziletsa zokha batire likatsika: kumanga ndi kukonza seketi ya LM393 ndi CD4066

Aliyense amene anayendetsapo zoimbira pa batire la 12V, kaya pa chinkhoswe, pa msonkhano wa mpingo kapena pa golosale ya kumudzi, vuto ili amalidziwa. Nyimbo zikafika pokoma palibe amene amakumbuka batire. Limakamidwa mpaka sipika itayamba kusasa mawu, ndipo batire la lead-acid likakamidwa chotero maulendo angapo silibwereranso mwakale. Seketi imene ndifotokoze pano imayang'anira voteji ya batire. Ikatsika kufika pa 11.6V imatseka njira ya mawu opita ku amplifier, ndipo siitsegulanso mpaka batire litakwera kufika pa 12.5V kapena mwini wake atadina batani.

Zida zikuluzikulu ndi ma IC awiri, tizipangizo ta miyendo yambiri tokhala ndi seketi mkati: comparator ya LM393, yofanizira mavoteji awiri, ndi analog switch ya CD4066, switchi yolamulidwa ndi voteji. Zonse ndi zotsika mtengo ndipo zimapezeka ngakhale m'mabodi akale. Seketi zotere zikavuta, anthu ambiri amathamangira kusintha IC, koma kawirikawiri IC imakhala ilibe mlandu. Vuto limakhala pamene ziwirizi zakumanirana: comparator ikulankhula ndi voteji imene switchi siikumva, kapena ikusintha maganizo kambirimbiri pa sekondi imodzi, kapena mawu akutumizidwa kunja kwa malire amene switchi ingawanyamule. Mukamvetsa zitatuzi, mungagwiritse ntchito nzeru yomweyi pa LDR yomva kuwala, pa thermistor yomva kutentha kapena pa china chilichonse.

Choyamba: zidziweni zida zanu

LM393 ili ndi miyendo 8 ndipo muli ma comparator awiri. Mwendo 8 ndi wa magetsi, 4 ndi ground, mbali ya − ya batire. Comparator yoyamba imalandira pa 3, womwe ndi wa +, ndi pa 2, womwe ndi wa −, n'kutulutsa pa 1. Yachiwiri imalandira pa 5 ndi pa 6, n'kutulutsa pa 7. Voteji ya pa + ikaposa ya pa −, chotuluka chimakwera. Ikachepera, chimagwa.

Koma mawu akuti "chimakwera" akufunika kuwamvetsa bwino. Mkati mwa mwendo 1 muli transistor imodzi yokha, imene imatha kukokera mwendowo ku ground kapena kuusiya. Kuukankhira m'mwamba siingathe. Ndicho chimene amachitcha open collector. Popanda resistor yochoka ku magetsi kubwera pa mwendowo, yomwe ndi pull-up, mwendo 1 umangolendewera wopanda voteji yodziwika.

CD4066 ili ndi miyendo 14 ndipo muli maswitchi anayi. Mwendo 14 ndi wa magetsi, 7 ndi ground. Switchi ya pa 1 ndi 2 imalamulidwa ndi 13. Ya pa 3 ndi 4 imalamulidwa ndi 5. Ya pa 8 ndi 9 imalamulidwa ndi 6. Ya pa 10 ndi 11 imalamulidwa ndi 12. Mwendo wolamula ukakwera, njira imalumikizika mbali zonse ziwiri. Imagwira ntchito pa magetsi a 3V mpaka 18V.

Switchi imeneyi si relay. Ikalumikiza imakhalabe ndi resistance yake: pafupifupi 470Ω pa magetsi a 5V, 180Ω pa 10V, ndi 125Ω pa 15V. Karenti imene ingadutse ndi yochepa, malire ake ndi 10mA. Choncho musayese kudutsitsamo magetsi a amplifier kapena waya wa sipika. Ntchito yake ndi mawu ang'onoang'ono ochoka pa foni, pa mixer kapena pa wailesi asanakuzidwe. Ndinenenso poyera kuti kutseka mawu sikuzimitsa amplifier, imadyabe pang'ono ili chete. Koma karenti yaikulu imapita ndi nyimbo, ndipo zikangoti zii aliyense amadziwa kuti batire likufuna kutchajidwa.

Chenjezo limodzi pogula: 74HC4066 ili ndi miyendo yofanana ndendende, koma ina imalola 6V yokha, ina mpaka 10V. Pa seketi iyi funani yolembedwa CD4066 kapena HEF4066.

Chachiwiri: magetsi amodzi a IC zonse ziwiri

Kuchoka pa + ya batire ikani fyuzi yaing'ono, kenako diode ya 1N4007 yoteteza wina akatembenuza mawaya, kenako regulator ya 7808, yotulutsa 8V yosasintha. Ikani kapasita ya 330nF polowera ndi ya 100nF potulukira. Ndasankha 8V chifukwa 7808 imafuna pafupifupi 10V polowera, ndipo batire likakhala pa 11.6V, diode itadyapo 0.7V, pamatsala 10.9V, yomwe ndi yokwanira. 7809, ya 9V, ingakhale pa malire penipeni pa nthawi imene tikuifuna kwambiri.

8V imeneyi ipite ku mwendo 8 wa LM393 ndi ku mwendo 14 wa CD4066. IC iliyonse ikhale ndi kapasita yakeyake ya 100nF pakati pa mwendo wa magetsi ndi wa ground, yowotchereredwa pafupi penipeni, osati kumapeto kwa bodi.

Chifukwa chogwiritsa ntchito magetsi amodzi ndi ichi: CD4066 imavomereza kuti mwendo wolamula wakwera pokhapokha ukafika pa magawo pafupifupi 70 mwa 100 a magetsi ake. Pa 5V imafuna 3.5V, pa 10V imafuna 7V, pa 15V imafuna 11V. Munthu akapatsa comparator 5V, switchi n'kuipatsa 12V, pull-up n'kuimangirira ku 5V, switchi siimva lamulo, kapena imatsegula mwatheka mawu n'kumatuluka ophwanyika. Ngati pali chifukwa chokakamiza kuti magetsi akhale awiri, ubwino wa open collector ndi womwewo: mangirirani pull-up ku magetsi a switchi, osati a comparator, ndipo LM393 idzapirira.

Chachitatu: muyezo wosasuntha

Comparator imafuna chofanizira chimene sichitsika batire likamatsika. TL431 imapereka 2.495V, ndipo mumaipeza m'machaja ambiri akale ndi m'ma power supply a kompyuta. Pa yooneka ngati transistor yaing'ono, mwendo wapakati ndi anode ndipo umapita ku ground. Miyendo iwiri ya m'mbali, cathode ndi reference, ilumikizeni pamodzi, choncho simungasokoneze. Kuchoka pa 8V ikani resistor ya 2.2k kubwera pa mfundo imeneyi. Idzadutsa 2.5mA, pamene TL431 imafuna osachepera 1mA. Mfundo yomweyi ipite ku mwendo 2 wa LM393.

Dzanja limayabwa kuikapo kapasita ya 100nF kuti muyezo ukhale woyera. Musatero. TL431 ikakhala pa 2.5V imayamba kunjenjemera ikapatsidwa kapasita ya msinkhu umenewo. Isiyeni yopanda kanthu.

Chachinayi: kuchepetsa voteji ya batire, ndi pull-up

Miyendo yolandira ya LM393 imagwira bwino kuyambira 0V mpaka pafupifupi 1.5V pansi pa magetsi ake, kotero 12V sitingaifanizire mwachindunji. Timaigawa. Kuchoka pa + ya batire, diode isanafike, ikani 27k, kenako 12k motsatana, kufika pa mwendo 3 wa LM393. Pamodzi ndi 39k. Kuchoka pa mwendo 3 kupita ku ground ikani 10k. Chifukwa chodulira 39k pawiri ndichifotokoza posachedwa.

Gwiritsani ntchito ma resistor a 1 peresenti, aja abuluu. A 5 peresenti angathe kusuntha malire ndi theka la voti, ndipo pa batire theka la voti ndi nkhani yaikulu. Ngati mulibe, m'malo mwa 10k ikani 9.1k motsatana ndi trimmer ya 2k, resistor yosinthika, kuti mudzakonze poyesa.

Pull-up ndi 4.7k kuchoka pa 8V kupita pa mwendo 1. Mwendowo ukagwa, mudzadutsa 1.7mA, zomwe LM393 imanyamula mosavuta. Kuchoka pa mwendo 1 womwewo, waya apite ku miyendo 13 ndi 5 ya CD4066.

Chachisanu: mpata pakati pa kuzima ndi kuyaka

Apa ndi pamene seketi zambiri zimagwera, ndiye tikhalepo pang'ono.

Tiyerekeze kuti mwaimira pa zimene tamangazi. Malire ndi amodzi. Nyimbo zikuimba, amplifier ikukoka karenti, batire latsika kudutsa malire aja, comparator yatseka mawu. Pomwepo amplifier yasiya kukoka, ndipo batire likapepukidwa katundu voteji yake imadzuka yokha. Yadutsanso malire, mawu atseguka, karenti yakokedwa, voteji yagwa, mawu atsekeka. Mu sipika mumamveka kudukaduka, nthawi zina phokoso ngati la njinga yamoto. Comparator sinalakwe kanthu. Yachita zimene mwaiuza.

Ngakhale popanda batire lodzuka, voteji imene ikusintha pang'onopang'ono imachedwa pa malire, ndipo LM393 ndi yachangu, imayankha mu 1.3 microsecond. Kaphokoso kalikonse ka pa waya kamaigwedezera uku ndi uku.

Mankhwala ake ndi hysteresis, kutanthauza kukhala ndi malire awiri, ena ozimira ena oyakira. Timaipeza ndi resistor imodzi ya 330k kuchoka pa mwendo 1 kubwerera pa mwendo 3. Onetsetsani kuti ndi pa 3, wa +. Mukaibweza pa 2 mwachita zotsutsana nazo. Mwendo 1 ukakhala pamwamba, resistor iyi imathirako karenti pang'ono pa mwendo 3, kuukankhira m'mwamba, choncho batire liyenera kutsika kwambiri kuti mawu atsekeke. Mwendo 1 ukagwa, resistor yomweyi imakokera mwendo 3 pansi, choncho batire liyenera kukwera kwambiri kuti atsegukenso.

Kukula kwa mpata kumawerengedwa mosavuta: tengani voteji imene mwendo 1 umasinthira, yomwe ndi pafupifupi 8V, muchulukitse ndi resistor ya pamwamba, mugawe ndi yobwerera. 8 kuchulukitsa ndi 39, kugawa ndi 330, mupeza 0.95V. Mukafuna malire enieni, werengani karenti pa mwendo 3 pa nthawi imene uli pa 2.495V. Mu 10k mumadutsa 0.2495mA. Mwendo 1 uli pansi, 330k imatengako 0.007mA, ndiye 39k iyenera kubweretsa 0.257mA, zomwe zikufuna 10.0V pamwamba pa 2.495V: malire oyakira ndi 12.5V. Mwendo 1 uli pamwamba, 330k pamodzi ndi pull-up zimabweretsa 0.016mA, ndiye 39k ibweretse 0.233mA yokha, zomwe ndi 9.1V pamwamba pa 2.495V: malire ozimira ndi 11.6V.

Mukafuna mpata wochepa, kulitsani resistor yobwerera. 470k ipereka pafupifupi 0.66V. Koma ikasintha, malire onse awiri amasuntha, ndiye werengeraninso. Ndipo pull-up ikhale yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi yobwerera. Pull-up ya 100k pamodzi ndi yobwerera ya 330k zimagawana voteji, mwendo 1 sufika pa 8V, ndipo masamu onse aja amasokonekera.

Tsopano za 39k yodulidwa pawiri ija. Nyimbo za bezi wamphamvu zimagwetsa voteji ya batire kwa kanthawi kochepa pa kugunda kulikonse. Sitikufuna kuti kugunda kumodzi kutseke zoimbira batire likadali labwino. Pamfundo ya pakati pa 27k ndi 12k ikani kapasita ya 47µF, 25V, mwendo wake wa − ku ground. Imachedwetsa kuyankha ndi pafupifupi theka la sekondi. Ambiri amaiika pa mwendo 3 penipeni, koma pamenepo imameza kukankha kwa 330k pa nthawi yomwe kukufunika, ndipo comparator imatha kunjenjemera isanakhazikike. 12k ija imaima pakati kuti mwendo 3 uthe kudumpha nthawi yomweyo. Kapasitayi ikhale yatsopano. Yakale yodontha karenti imanamiza seketi kuti batire latsika.

Pali chinthu chimodzi chimene ine ndinachiphonya pomanga yoyamba, ndipo ndinataya madzulo onse ndikusaka vuto pamene panalibe. Poyatsa, kapasita ija imayambira pa ziro, choncho seketi imadzuka mawu ali otseka. Zimenezi n'zabwino chifukwa sipika sigunda poyatsa. Koma kuti atseguke, batire liyenera kuposa 12.5V. Batire lodzaza likapuma limakhala pa 12.6V kapena 12.7V, ndiye limadutsa. Logwirako ntchito pang'ono, la 12.3V, silidutsa, ngakhale lili ndi mphamvu zoimbira maola angapo. Yankho ndi batani lodina, lija lobwerera lokha, motsatana ndi 100k, kuchoka pa 8V kupita pa mwendo 3. Mukadina, mwendo 1 umakwera, ndipo mukasiya umakhalabe pamwamba ngati batire lili pamwamba pa 11.6V. Ngati latsikadi, mawu amatsekeka mukangochotsa chala.

Chachisanu ndi chimodzi: kudutsitsa mawu

Lamulo la CD4066 ndi lakuti chilichonse chodutsa chikhale pakati pa voteji ya mwendo 7 ndi ya mwendo 14, apa 0V ndi 8V. Koma mawu ochoka pa foni kapena mixer amasewera pamwamba ndi pansi pa ziro. Mukawalowetsa momwemo, theka la pansi limagunda ma diode otetezera a mkati mwa IC, limadulidwa, ndipo ngakhale switchi ili yotseka mumamvabe kukhwekhwereza. Tiyenera kuwakweza kuti azisewera mozungulira 4V.

Pangani 4V ndi ma resistor awiri a 10k, wina kuchoka pa 8V wina kupita ku ground, ndi kapasita ya 47µF kuchoka pakati pawo kupita ku ground. Mfundo imeneyi tiziitcha ya pakati.

Mbali ya kumanzere iyende motere. Kuchoka pa gwero la mawu, resistor ya 1k, kenako kapasita ya 4.7µF, kufika pa mwendo 1 wa CD4066. Kuchoka pa mwendo 2, kapasita ina ya 4.7µF kupita ku amplifier. Makapasita onse awiri, mwendo wa + uloze ku IC. Kenako 100k kuchoka pa mwendo 1 kupita ku mfundo ya pakati, ndi 100k ina kuchoka pa mwendo 2 kupita komweko. Kuseri kwa kapasita yotulukira ikani 100k ku ground. Mbali ya kumanja ndi chimodzimodzi, kulowera pa 4 kutulukira pa 3.

Ma 100k awiri aja onse ndi ofunika. Mbali imodzi ikakhala pa 4V inayo ili pa voteji ina, switchi ikamalumikiza kusiyanako kumalumphira mu amplifier, sipika n'kuti phu. Mbali zonse zikakhala pa 4V palibe cholumpha. 1k ya polowera imateteza IC pamene foni ikuimba koma seketi ili yozima, chifukwa nthawi imeneyo mawu amakhala pamwamba pa magetsi a IC ndipo amafuna kulowera m'ma diode aja.

Resistance ya switchi pa 8V ndi mazana awiri kapena atatu a ohm. Polowera pa amplifier pamakhala 10k kapena kuposa, ndiye zotayika ndi zochepa. Vuto limabwera mukalumikiza chinthu chokoka kwambiri monga mahedifoni: resistance ya switchi imasintha mawu akamakwera ndi kutsika, ndipo pa katundu wolemera kusinthako kumamveka.

Chachisanu ndi chiwiri: theka lotsala la LM393

Switchi yotseka imadonthabe mawu opyapyala pang'ono, ndipo pa amplifier yamphamvu amamveka. Tili ndi maswitchi awiri otsala ndi comparator imodzi, ndiye tiwagwiritse ntchito. Lumikizani mwendo 5 wa LM393 ku 2.495V, ndi mwendo 6 ku mwendo 1 wa LM393 yomweyo. Mwendo 7 uzichita zotsutsana ndi mwendo 1. Upatseni pull-up yakeyake ya 4.7k, n'kuutumiza ku miyendo 6 ndi 12 ya CD4066. Mwendo 6 wa LM393 ukafika 8V umakhala kunja kwa malire aja a 1.5V, koma bola mwendo 5 uli mkati, chotuluka chimakhala cholondola.

Pa CD4066, lumikizani 8 ku 2, ndi 11 ku 3, ndipo 9 ndi 10 apite ku mfundo ya pakati. Njira yaikulu ikatsekeka, maswitchi awa amatsegula n'kutayira zodontha zonse ku kapasita ya 47µF.

LED yobiriwira ikhale apa: kuchoka pa 8V, kudzera mu 2.2k, kulowa pa mwendo 7. Imayaka nyimbo zikamadutsa. Musaike LED kuchoka pa mwendo 1 kupita ku ground. Imadya karenti yonse ya pull-up, mwendowo n'kuthera pa 3V, switchi osamva, mpata uja n'kufota.

Ngati simukufuna gawo limeneli, miyendo 6 ndi 12 ya CD4066 imangirireni ku ground. Mwendo wolamula wa IC ya mtundu wa CMOS ngati iyi wosiyidwa wokha umatola chilichonse chili mumpweya, ndipo seketi imasintha khalidwe mukangoyandikiza dzanja.

Kuyesa

Ikani IC pa masoketi. Musanazilowetse, yatsani n'kuyeza 8V pa mabowo oyenera, 2.5V pa TL431, ndi 4V pa mfundo ya pakati. Zimitsani, lowetsani LM393 yokha.

M'malo mwa batire mufunika magetsi osinthika. Regulator yosinthika ya LM317 ndi potentiometer yoisinthira, pa chaja ya laputopu ya 19V, zimakwanira. Yambani pa 11V, mita ili pa mwendo 1. Kwezani pang'onopang'ono, mukudikira sekondi zingapo pa sitepe iliyonse chifukwa cha kapasita ija. Pafupi ndi 12.5V mwendo 1 udumphe kuchoka pa 0.1V kapena 0.2V kufika pafupifupi 8V. Tsitsani, ndipo pafupi ndi 11.6V ugwe. Lembani manambala onse awiri. Akasunthira mbali imodzi onse, konzani ndi trimmer. Mukakhutira, lowetsani CD4066 magetsi ali ozima, kenako yesani ndi mawu.

Poika pa zoimbira zenizeni, waya woyezera batire ndi wa ground wa seketi achoke pa mitu ya batire penipeni, osati pa mapeto a waya wa amplifier. Karenti ya 5A mu waya wa 0.1Ω imadya 0.5V, ndipo seketi idzaona batire lotsika pamene lili bwino. Seketiyi nayo imadya pafupifupi 15mA, ndiye izizima pamodzi ndi zoimbira.

Ikakana

Tsatani njira ya voteji kuchoka koyambira, musalumphe: 8V, kenako mwendo 2, mwendo 3 ndi mwendo 1 wa LM393, mwendo 13 wa switchi, pomaliza 4V pa miyendo ya mawu. Pamene nambala yayamba kusiyana ndi yoyembekezeka, vuto lili pakati pa pamenepo ndi pamene munayeza komaliza.

Mwendo 1 sukukwera ngakhale mwendo 3 waposa mwendo 2. Yang'anani pull-up kaye, ilipo kodi, yafikadi ku 8V? Ngati ilipo, zulani CD4066 muyezenso. Ukakwera, switchiyo ndi yakupsa kapena waya wapita pa mwendo wolakwika.

Mwendo 1 ukuonetsa nambala ya pakatikati, monga 3V kapena 4V. Comparator yabwino siikhala pakati. Mwina pali chokoka, monga LED ija, kapena ikunjenjemera mwachangu ndipo mita ikungoonetsa pakati pa kukwera ndi kugwa. Sunthani voteji yolowera kutali ndi malire. Nambala ikakhazikika pa 8V kapena pafupi ndi ziro, kunali kunjenjemera. Onani ngati 330k yafika pa mwendo 3, ngati 100nF ili pafupi ndi IC, ngati munaika kapasita pa TL431, ndiponso ngati waya wa mwendo 1 sakuyenda moyandikana ndi wa mwendo 2 mtunda wautali.

Werengani zolembedwa pa IC. LM358 ili ndi miyendo yofanana ndi LM393 ndipo m'sitolo zimasinthanitsidwa mosavuta. Ndi op-amp, chida chokuzira voteji osati comparator, imachedwa, ndipo payokha imalekera pafupifupi 1.5V pansi pa magetsi ake. Pa 8V ingaoneke ngati ikugwira, malire ali osuntha. Pa 5V imafika pa 3.5V, pamalire penipeni pa zimene switchi imafuna, ndiye lero igwira mawa ikana.

Mawu akuphwanyika akakwera. Yezani miyendo 1, 2, 3 ndi 4 ya CD4066 popanda nyimbo. Yonse ikhale pafupi ndi 4V. Apa mita ingakunamizeni. Zija zotchipa za mtundu wa DT830 zili ndi 1MΩ polowera, ndipo poyeza kuseri kwa 100k zimaonetsa pafupifupi 3.6V. Zimenezo si vuto, bola miyendo yonse ifanane. Mita yomweyo mukaigunditsa pa mwendo 3 wa LM393 batire lili pafupi ndi malire, ingathe kutseka mawu yokha, chifukwa imakokako pang'ono. Mukapeza mwendo uli pa ziro, 100k yake sinalumikizike kapena kapasita yatembenuzidwa. Ngati 4V ili bwino koma kuphwanyika kulipobe, mawu olowera ndi aakulu kuposa mpata wa 8V; tsitsani pa mixer.

Sipika ikugunda posintha: mbali ziwiri za switchi sizili pa voteji imodzi. Kawirikawiri ndi kapasita ya 4.7µF yodontha. Isintheni.

Mukumva kung'ung'udza kosalekeza: ground ya mawu ndi ya magetsi zapanga njira ziwiri, ndipo karenti ya amplifier ikudutsa mu chikopa cha waya wa mawu. Fupikitsani mawaya, gwiritsani ntchito waya wokutidwa, ndipo ma ground onse a pa bodi akumanire pamalo amodzi. Mukayesa kuchotsa chikopa cha waya mbali imodzi phokoso n'kutha, mwapeza njira yachiwiriyo.

CD4066 ikutentha. IC imeneyi siyenera kufunda n'komwe. Zimitsani msanga. Mwina yalowetsedwa chotembenuka, mwina ndi 74HC4066 ya 6V, kapena mwendo wina walandira voteji yoposa magetsi ake ndipo IC yadzitsekera mkati n'kuyamba kukoka karenti yambiri. Izi zimachitika kwambiri waya woyezera batire akakhudza miyendo yake, kapena 1k ya polowera ikasiyidwa. Nthawi zina imachira mukazimitsa ndi kuyatsanso, koma ine yotere sindiikhulupiriranso. Ndimaika ina, nditapeza kaye chimene chinaitenthetsa.

Zikuzima msanga pa phwando koma pa tebulo zinali bwino. Yezani pa mitu ya batire nyimbo zikuimba, kenako yezani pamene 27k yalumikizidwa. Zikasiyana, ndi waya wowonda kapena zomangira za dzimbiri. Zikafanana ndipo voteji ikugwadi kufika 11.6V patangopita mphindi zochepa, n'kudzuka kupitirira 12V mawu akatsekeka, seketi ilibe vuto. Batirelo lakalamba kapena ndi laling'ono pa amplifier imeneyo. Musatsitse malire kuti nyimbo zipitirire. Litchajeni mokwanira, mulisiye lipume maola angapo, kenako muliyeze ndi babu la galimoto la 21W kwa ola limodzi muone pamene lithere.